Mphuno Yobwereka

Mayi telala ankadana ndi mowa umene amuna awo ankafulula kuyambira kalekale. Osati kuti bambowo ankaledzera ayi, vuto linali fungo. Loweruka lililonse galaja inkasanduka khitchini: chimphika pa gasi, chimera chikubwata, pambali timaluwa touma tobiriwira totchedwa mahopu, timene timapatsa mowa kuwawa ndi kafungo. Mpaka nsalu za makasitomala zinkanunkha zomwezo.

"Awa ndi malalanje enieni, mayi a mwana," bambo ankatero, akufikisa mahopu m'manja n'kununkhiza. "Mtundu uwu sufuna kuphikitsa. Ukauthira koyambirira umangowawa. Koma ukauthira utazimitsa moto, eee, umachita kuimba!"

"Uzikaimbira kunja," mayi ankayankha.

Kenako bambo anadwala chimfine chachikulu, n'kuchira. Loweruka lina mayi analowa m'galaja kufuna sizasi yawo, diresi ya kasitomala ili paphewa. Anapeza chimera chikubwata pa gasi, bambo atanyamula paketi yakale ya mahopu imene inaiwalika pashelefu m'malo mwa mufiriji. Mahopu ake anali atafiira. Fungo lake, abale inu, sokosi ya wosewera mpira!

Bambo ananunkhiza mwamphamvu n'kumwetulira. "Malalanje enieni."

Mayi anakumbukira mkaka wosasa umene bambo anathira mu tiyi osadandaula. Kani mphuno inapita ndi chimfine chija, munthu wamkulu n'kumangobisa!

"Tayani zimenezo, bambo a mwana. Zawonongeka."

Bambo anayang'ana paketiyo, kenako anakhala pa kreti. "Sindimvanso fungo lililonse," anatero chapansipansi. "Nanga wofulula wopanda mphuno ndi wofulula? Mphikawu ndingowapatsa alamu."

Zaka zonsezi mayi ankalakalaka kumva mawu amenewa, koma lero anawamvetsa chisoni choopsa. Anapita kufiriji, anang'amba paketi yatsopano, n'kufikisa mahopu m'manja monga ankaonera. Anatsinzina, nanunkhiza.

"Makoko a lalanje, inde. Kumbuyo kwake utomoni wa paini. Ndiye pali kamango kosapsetsa."

"Mango?" Bambo anadzuka pa kreti paja. "Ine sindinamvepo mango m'menemo!"

"Mphuno yanuyo inali yaulesi kale. Tazimitsani moto, tithire."

Bambo anazimitsa gasi. Mayi ndiwo anathira mahopuwo, nthunzi n'kuwakuta kumaso. Kenako anakokera mpando pafupi ndi mphika n'kukhala, diresi ya kasitomala ikadali paphewa.