Tiyi M'botolo la Pansi pa Bedi

Inali cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunja mvula ikuwaza, pamene namwino anawerama kuti aone botolo la pansi pa bedi la telala wina amene anagonekedwa m'chipatala. Botololo linkalandira mafinya ochoka m'chifuwa mwa bamboyo kudzera m'kapaipi. Dzulo lake mafinyawo anali atachepa. Tsopano munali zoyererako ngati mkaka, ndipo thupi la wodwalayo linali litatenthanso.

"Ndani wawapatsa tiyi bambowa?" anafunsa namwino.

Mkazi wa telala anayang'ana mlamu wake, mlongo wa wodwalayo, amene anabwera m'mamawa ndi fulasiki.

"Ndine," anatero mlongoyo. "Timasipuni chabe. Kwathu wodwala samanidwa chakudya. Koma mwadziwa bwanji, anamwino? Mumaombeza?"

Namwino anamulozera botolo. Mlongoyo anagwada n'kuliyang'anitsitsa.

"Tiyi wanga uyu? Wadzera kuti? Ine ndinathira m'kamwatu!"

"Fupa la nkhuku limene achimwene anu anameza linaboola njira ya chakudya," anatero namwino, akutsetsereza chala pachifuwa pake. "Njirayo imadutsa pakati pa mapapo. Ikabooka, zina zimene munthu wameza zimadonthera m'chifuwa n'kuwolera momwemo. Adokotala anaika chotsekera pabowolo, koma bala silinapole. N'chifukwa chake tikuwadyetsa kudzera m'chubu cha pamimba. Sakugona ndi njala ayi."

"Ndi madzi omwe osawapatsa?"

"Ngakhale dontho. Milomo ikauma, ipukuteni ndi kansalu konyowa."

Telala anatsegula maso. "Achemwali, ine pano ndine thumba lobooka. Mwangowononga shuga wanu."

Palibe anaseka. Masana omwewo adokotala anatsukanso m'chifuwamo ndi kuwonjezera mankhwala, ndipo tsiku lotuluka m'chipatala linasunthidwa. Kuyambira pamenepo mlongoyo ndiye ankakhala pakhomo lolowera m'wodimo, kusecha majumbo a abale onse obwera kudzazonda.

Patapita masabata, telala anamwetsedwa mankhwala ooneka pa ekisile, n'kujambulidwa m'chifuwa. Mlongoyo anapempha kuti aone nawo chithunzicho. Mzere woyera unatsika mpaka m'mimba osapatukira kumbali.

"Thumba lija lasokeka," anatero telala, akuyang'anitsitsa. "Msoko wake ndi wosalala bwino."

Namwino anamumwetsa madzi sipuni imodzi, anadikira kuti ameze, kenako anakankha tebulo lake la mankhwala kupita pa bedi lotsatira.

Phunziro: Achipatala akati wodwala asadye kapena kumwa, musamupatse mobisa. Funsani chifukwa chake, akuuzani.