Chaputala Chachiwiri cha Dalaivala

"Izi nazo mutaye," anatero a Mkonzi, akukankhira kumapeto kwa tebulo kapu yodzaza ndi zolembera zofiira.

Mwana wawo wachisamba, nesi wa pachipatala cha mumzinda wina wakutali, anasiya kumata katoni ya mabuku n'kuwayang'ana.

"Ababa, zolembera sizilemera. Tipita nazo."

"Ndikakonze nazo chiyani kwanuko? Mapepala a mankhwala?"

Maliro a akazi awo anali atachitika sabata yathayo. Abale anali atabalalika, mipando yobwereka itabwerera kwa eni ake, ndipo m'nyumbamo munatsala anthu atatu: a Mkonzi, Nesi, ndi mzime wawo, makaniko amene ankakhala m'tauni momwemo. Nesi anali ataganiza kale zoti Loweruka anyamuke ndi bambo ake, azikakhala nawo kwawo.

A Mkonzi anagwira ntchito kunyuzipepala moyo wawo wonse, kukonza zolemba za ena. Atapuma pantchito, akazi awo, omwe anali telala, anaona kuti bamboyo wayamba kukonza ngakhale zikwangwani za m'misewu, kuyankhula yekha ngati wozungulira mutu. Ndiye mayiwo anatsegula chitseko kuti anthu azibwera. Loweruka lililonse masana pabalaza pankadzaza anthu okonda kulemba: aphunzitsi, mayi wina wogulitsa zipatso, mlonda wa kusukulu. Aliyense ankawerenga chake. A Mkonzi ankadutsamo ndi cholembera, kenako mayi ankayankhula ali pamakina awo osokera pakona. Anthuwo ankaseka kuti m'nyumba muno bambo amadula, mayi amasoka.

Koma chidwalireni mayiwo, a Mkonzi sanakhudzenso pepala la munthu. Amene ankabwera nalo ankabwerera nalo loyera.

Kukhitchini, Makaniko anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti bambo awo asamve.

"Achemwali, mtengo wakale sauzula kukaudzala pena. Ukauma."

"Nanga kuno sakuuma? Dzulo ndawapeza atakhala pabedi, nsapato imodzi ili m'manja, ina kuphazi. Tiyi anachita kuzizira ali pomwepo."

"Anzawo onse ali kuno."

"Anzawo ake ati? Amene akuwabweza pakhomo aja? Iwe umaweruka dzuwa litalowa. Akagwa m'bafa adzawadzutsa ndani?"

Makaniko anakanda m'mutu. Nthawi yomweyo panja panamveka odi.

Anali bambo wina wamtali, wamimba, chipewa chili m'manja, envelopu yabulauni ili kukhwapa. Onse ankamudziwa. Anali dalaivala wa takisi, koma a gulu la Loweruka ankamutchula kuti a Chaputala Wani, chifukwa kwa zaka zambirimbiri ankalemba buku lonena za mchemwali wake amene anamulera, koma sanapitirirepo chaputala choyamba. Akachikonza, ankabwera nacho. Akachidula a Mkonzi, ankakachiyambiranso. Ndiyenso ankanyamula mayi aja kupita nawo kuchipatala miyezi yonse ya matenda awo.

Atapepesa maliro kachiwiri n'kukhala pansi, anaika envelopu patebulo, kutsogolo kwa a Mkonzi.

"Bambo, ndalemba chachiwiri."

Makaniko anatsala pang'ono kuseka. "Chachiwiri? Inuyo?"

"Ineyo ndithu. Tsiku lina tikupita kuchipatala, mayi anandiuza ali kumpando wakumbuyo kuti, 'A dalaivala, choyambacho mwachichapa mpaka chasuluka. Chisiyeni chiume, lembani chachiwiri.' Ndiye iwo akalowa kwa adokotala, ine ndinkatsamiritsa pepala pachiwongolero n'kumalemba. Ndinkati ndidzawawerengera akadzapezako bwino." Anakankhira envelopu ija pafupi ndi a Mkonzi. "Ndamaliza mochedwa."

A Mkonzi anayang'ana envelopu ija osaigwira.

"Pepani achimwene. Sitolo inatsekedwa."

Anadzuka, n'kukokera mapazi kuchipinda. Chitseko anachisiya chotsekula pang'ono, monga ankachitira pa nthawi ya matenda kuti azimva akaitanidwa.

Nesi anachita manyazi. Anapukuta manja pa siketi, natulutsa mapepala aja, n'kuwayendetsa maso mwachangu ngati akuwerenga kadi la wodwala.

"Zabwino kwambiri, bambo. Zoona, zabwino kwambiri."

Dalaivala anamwetulira mwaulemu. "Zikomo, asisi. Koma mayi anu ankati 'zabwino kwambiri' amauza mlendo akafuna kuti anyamuke azipita."

Nesi anatsegula pakamwa, kenako anaseka, kuseka kwake koyamba chifikireni pamaliropo. "Ndi mawu awodi amenewo."

"Tiwerengereni mokweza," anatero Makaniko, akudzikhazika pakatoni. "Ife a sipanala timamva bwino ndi makutu."

Dalaivala anakonza kukhosi n'kuyamba. Nkhani yake inali ya tsiku limene iye, ali mnyamata, ankachoka kwawo kupita kusukulu yogonera komweko, mchemwali wake akumuperekeza kudepoti. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Mwadzidzidzi, mvula inayamba kugwa. Tinathamangira pansi pa mtengo. Mwadzidzidzi, basi inatulukira."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola.

Dalaivala anaima, kenako anapitiriza. "Mwadzidzidzi, achemwali anandigwira dzanja."

"Wachitatu ameneyo!"

Onse anatembenuka. A Mkonzi anali ataima pakhomo la chipinda, magalasi atapendekeka pamphuno.

"Mwadzidzidzi wachitatu patsamba limodzi! Kodi kwanuko chinthu sichichitika mwadongosolo? Basi imene mwakhala mukuidikira kuyambira m'mawa ingafike mwadzidzidzi bwanji?"

"Inachedwa, bambo."

"Ndiye lembani kuti inachedwa! Patseni kuno."

Anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, moyang'anizana ndi Dalaivala, dzanja likupita lokha ku kapu ija. Cholembera choyamba chinali chouma. Anachitaya pansi n'kutenga china. Nesi ndi mlongo wake anayang'anizana, osayerekeza kupuma mokweza.

Cholembera chinayamba kuyenda. "Misozi inatsika ngati mtsinje. Mtsinje wake uti? Chotsani. Mtima unagunda ngati ng'oma. Ng'oma imeneyi aliyense anaiyimbapo, yang'ambika. Apa mwatiuza kuti munali osauka, apanso mwatiuza, apanso. Tinamva poyamba paja, sitili ogontha. Nanga ichi? 'Ndinamva chisoni chosaneneka.' Ngati n'chosaneneka, mwachinenera chiyani?"

Mawu awo anali atabwerera mwakale, akuthwa, othamanga. Masaya anachita kuoneka amoyo. Tsamba loyamba linafiira, lachiwiri linafiira, lachitatu ndiye linangokhala ngati lagwera m'magazi. Dalaivala ankangoti "inde bambo, zoona bambo," koma chimunthu chachikulu chija chinkanka chichepa pampando, chipewa chikupindidwa m'manja.

A Mkonzi anafika pamzere womaliza, n'kuika cholembera pansi.

M'nyumba munati zii. Apa ndi pamene makina osokera ankaima, mawu ena n'kuyamba. Mosadziwa, onse anayi anayang'ana pakona paja. Makinawo anali ataphimbidwa ndi nsalu, kampando kake katalowetsedwa pansi.

A Mkonzi anachotsa dzanja pamapepala aja. Analibisa pansi pa tebulo.

"Mwaonatu," anatero motsitsa mawu. "N'chifukwa chake ndinakana. Ine ndimangodziwa kudula. Munthu amabwera ndi nsalu yake yathunthu, ine n'kumubwezera zidutswa. Kale zinalibe kanthu, chifukwa wosoka analipo. Pano ndine lumo chabe."

"Ayi bambo, mwandithandiza," anatero Dalaivala, akusonkhanitsa mapepala ake mofulumira, maso ali pansi. "Ndikayambiranso. Mwina ndibwerere kaye ku choyamba chija."

Nesi anali ataima kumbuyo kwa bambo ake nthawi yonseyi. Anatambasula dzanja n'kugwira tsamba lachiwiri lisanalowe mu envelopu.

"Ababa, apa mwadumphapo. Palibe chofiira."

Pakati pa tsambalo panalidi ndime imodzi yoyera, ngati chilumba.

"Sindinadumphe. Sindinapezepo cholakwa."

"Palembedwa chiyani?" anafunsa Makaniko.

A Mkonzi anakonza magalasi n'kuwerenga okha, mawu atatsika. Ndimeyo inkanena kuti basi itaima, mchemwali uja anayang'ana mapazi a mlongo wake, amene anavala nsapato zong'ambika kuzala. Anavula zake, nsapato zachinsalu zimene ankapita nazo kuntchito, n'kufwinya mapepala a nyuzi kutsogolo kwake kuti zimukwane. Basi ikunyamuka, mnyamatayo anasuzumira pawindo n'kumuona akuwoloka msewu m'matope, nsapato zong'ambika zija zili m'manja.

Atamaliza, a Mkonzi anaika tsambalo patebulo.

"Ndiye auzenitu, ababa," anatero Makaniko. "Akuyesa kuti zonse n'zotaya."

A Mkonzi anayang'ananso ndime ija. Zaka zonse za kunyuzipepala, ndime yabwino ankangoidutsa. Kusaidula ndiko kunali kuyamikira kwawo. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Achimwene," anatero pomaliza, "apa simunalire, koma ine ndalira. Buku lanu lili apa. Zinazo ndi mpanda chabe. Musabwererenso ku choyamba."

Dalaivala anagwedeza mutu kangapo. Kenako anafunsa mokayika, "Ndikakonza, ndingabwere nazo?"

"Loweruka masana. Muwauzenso anzanu aja."

"Ababa, Loweruka paja ndi ulendo," anatero Nesi.

A Mkonzi anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo, osati mokwiya.

"Ndikudziwa chimene ukuopa, mayi. Nanenso ndikuchiopa. Koma kwanuko ndizikangokhala pawindo kudikira kuti uweruke."

Nesi anayang'ana makatoni amene anamata ndi manja ake, kenako mlongo wake.

"Iwe uzigona kuno."

"Ndizigona kuno."

"Osati mawa lokha. Ndipo foni yanga uziyankha, ngakhale uli pansi pa galimoto."

"Ndamva, achemwali."

Nesi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kupita kukateleka madzi a tiyi. Atabwerera ndi makapu, anaima pakhomo la khitchini.

Bambo ake anali atadzuka. Anagwira mpando wawo ndi manja awiri, n'kuunyamula movutikira kuzungulira tebulo. Makaniko anati awathandize, koma iwo anamukaniza ndi mutu. Anakauika pambali pa Dalaivala, pafupi kwambiri moti mapewa awo anagundana.

Nesi anaigwiritsa thireyi. Zosuntha mpandozi ndi zimene mayi ake ankachita, kuyambira iye ali mwana wa sukulu, akabwera ndi chimangirizo chodzaza ndi zolakwa. Ankasiya makina, n'kukoka kampando kawo kudzakhala mbali imodzi ndi wolembayo. Ankati pepala la munthu saliwerenga moyang'anizana naye ngati kukhoti. Mumakhala limodzi, nonse n'kumaliyang'ana.

A Mkonzi anasalaza tsamba lija pakati pa awiriwo, n'kuika chala pansi pa ndime yoyera ija. Cholembera anachisiya kutsidya kwa tebulo.

"Tsono tandiuzani," anatero. "Achemwali anuwo anakafika bwanji kunyumba?"