Bere la Dona

1.
Bere. Mawu ndi omwewo: la mayi, la mbuzi, la ng'ombe. Pamaliro a Lufeyo ku Bvumbwe, mkulu wake Wedisoni anawatchula kanayi. Ife ndi a bere limodzi, za mng'ono wanga ndi zanga. Edesi, mkazi wa malemuyo, anangoyang'ana pansi, akuwerenga.

2.
Zimene Wedisoni anatenga:
njinga,
wailesi,
malata asanu,
Dona, ng'ombe ya mkaka.
Zimene sanafunse: kakamidwe kake.

3.
Madzi ofunda, nsalu yoyera, dzanja losafulumira. Zaka zisanu ndi chimodzi Edesi ankakama Dona m'mawa ndi madzulo, ndipo ankadziwa kuti nsonga yakumbuyo kumanzere ndi yaliuma, imachedwa kutsitsa, imafuna kuisisita mpaka dontho lomaliza, apo ayi mkaka umagona m'bere n'kuumba chotupa.

Pomanga chingwe Wedisoni anati, pali china choti ndidziwe, mlamu?
Palibe, alamu. Ng'ombe ndi ng'ombe.

4.
Tsiku lachitatu Dona anayamba kulira kutsidya kwa mtsinje, kwa Wedisoni, kulira kosafuna udzu, ndipo Edesi anali akupalira chimanga, anamva, anaima, anapaliranso, ndipo masana amayi ochokera kogulitsa mkaka anadutsa akuseka kuti wa a Wedisoni aukana, uli ndi mibulu ngati phala losavundula, akuti amatsuka bere ndi madzi a m'chithaphwi n'kumakoka ngati akuimba belu la tchalitchi, ndipo Edesi anaseka nawo, n'kukatereka madzi osadziwa kuti ndi a chiyani

5.
Madziwo anazizira.

6.
Tsiku lachinayi. Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi.
Madzi ofunda, nsalu yoyera.
Wedisoni abwere yekha.

7.
Anabwera tsiku lachisanu ndi chinayi, chipewa chili m'manja, akutsimphina pomwe Dona anamuponda.
Mlamu, bere lauma ngati mwala. Tiyeni mukaione.
Ine ndilibe ng'ombe, alamu.
Ifa.
Mudya nyama. Paja ndi yanu.
Wedisoni anagwada.
Ibwere m'khola mwake, anatero Edesi. Muikoke nokha, mudzere pamsika. Wokufunsani mumuuze komwe mukupita nayo.
Anadzera pamsika. Ambiri anamufunsa, ena kawiri.

8.
Bere, anatero alangizi a ziweto ataligwiragwira, lili ndi zipinda zinayi. Zitatu zichira. Ichi chakumanzere chafa. Akanandiitana tsiku lachitatu kapena lachinayi, tikanachipulumutsa.
Anthu onse anatembenukira Wedisoni.

9.
Madzi ofunda, nsalu yoyera, dzanja losafulumira. M'mawa uliwonse Edesi amakama nsonga zitatu. Yachinayi, yofota ija, amaitsukabe, amaisisitabe, ngakhale situlutsa kanthu. Mudzi wonse umati inaphedwa ndi Wedisoni, ndipo Edesi satsutsa.

Koma akafika pamenepo Dona amatembenuza mutu n'kumuyang'ana. Kutsidya kuja si Wedisoni amene Dona ankamuitana.