Suti ya Imfa Sinawakwane a Besi

Gulu lawo la zisudzo linali ndi lamulo limodzi losalembedwa: chovala chimasokedwa kamodzi kokha, ndipo amene chamukwana ndiye amasewera gawolo. Akuti linayamba kalekale, amuna awiri atang'ambirana malaya mu holo polimbirana kusewera woweruza milandu, dayirekita wa nthawi imeneyo n'kunena kuti iye watopa nazo, aziweruza ndi jekete. Zoona zake zinali zakuti dayirekita ankamunong'oneza telala munthu amene akumufuna, telala n'kukamuyeza munthuyo mwakachetechete. Ndiye pa tsiku loyesa zovala onse ofuna gawolo ankafola, kuvala mmodzimmodzi, anthu n'kumadabwa mwachiphamaso kuti taonani, chakwana uje. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma munthu akalinyoza lamulolo ankaoneka ngati watukwana mayi wa mnzake. Dayirekita watsopano, amene ankavala sikafu ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndiye ankalilumbirira kuposa onse.

Chaka chimenecho anakonza sewero la nyimbo. Imfa imalowa m'tauni, imayenda khomo ndi khomo ikuimba, ndipo amene yamuimbira amadzuka n'kuitsatira akuvina. Munthu amene dayirekita anamunong'oneza telala anali mwamuna wake wa telalayo, bambo amene gulu lonse linkangowatchula kuti a Besi chifukwa cha liwu lawo logunda ngati ng'oma yaikulu. Kuyambira ali mnyamata a Besi ankaima mzere wakumbuyo, kuseri kwa mitu ya anzawo, kumangochita bom, bom, ulemu akutenga ena. Tsiku limene anamva nkhaniyi anabwera kunyumba akuimba mumsewu ngati alawako.

Telala yekha ndiye sanasangalale. Iye ankadziwa chimene gulu silinkadziwa: dokotala anali atapeza chotupa m'mimba mwa a Besi, ndipo anati opaleshoni ichitike msanga chisanafalikire. A Besi anamuyankha dokotalayo kuti abwera sewero likatha. Koma seweroli silinali la tsiku limodzi ayi, linali loyenda nalo m'maholo kwa miyezi. Pochokera kuchipatala anamulumbiritsa mkazi wawo kuti asauze munthu, ngakhale mwana wawo yemwe.

Msonkhano wokambirana chovala cha Imfa unachitikira m'kachipinda kosokera ka kuseri kwa holo, pakati pa makina ndi matumba a zidutswa za nsalu. Dayirekita anayamba ndi kuletsa chigoba cha mutu ndi chikwakwa, ati zimenezo ndi zachikale, iye akufuna chovala chooneka ngati bata. Telala anafunsa kuti bata limakhala la manja aatali kapena aafupi. Mayi wotsogolera kwaya anafuna nyanga ndi mchira, kuti ochimwa akatuluke mu holo miyendo ikunjenjemera. Ndiye panali bambo wina wogulitsa mabokosi a maliro, amene ankathandiza gululo ndi holo ndi magetsi, ndipo chifukwa cha chimenecho ankakhala pa mpando wokhawo wa miyendo yokwana. Iyeyo anati anthu akumuipitsira Imfa mbiri. Imfa, anatero, iyenera kuoneka yaulemu, yovala suti yabwino ya mtundu wa phulusa ngati wa magalimoto a kampani yake, kamaluwa pachifuwa, munthu akaiona mtima uzikhala m'malo kuti ali m'manja abwino. Anakangana mpaka tiyi anazizira, n'kusiyana osamvana. Telala anapitiriza zosoka zake, mapini ali kukamwa.

Pomwe akuluakulu ankalimbana ndi nyanga, a Besi ankatha. Mkazi wawo ankawaona ndi tepi yoyezera, ndipo tepi siinkamunamiza. Akayeza lero, sabata yamawa chiuno chachepa, kolala ya malaya ikuzungulira khosi ngati ya eni. Pa siteji ankati akakoka liwu lalitali, dzanja limathamangira pamimba, nkhope n'kuchita tsinya. Koma abale, dayirekita! Iye ankaimitsa nyimbo n'kuitana gulu lonse kuti lidzaone luso. Ankati uyu ndiye wosewera weniweni, wasiya kudya chifukwa cha gawo lake, taonani masaya kulowa, taonani dzanjalo, Imfa nayo ikumva kuwawa kwa amene ikuwatenga. Anthu ankaomba m'manja, ena mpaka kufunsa a Besi kuti akumwa chiyani kuti nawonso achepetse thupi. Telala ankamva zonsezi ali pa makina, mtima ukumuwira.

Kunyumba anayesa zonse. Anachonderera, analira, anakalipa, anawakaniza moni. A Besi ankangomuyang'ana ndi maso awo ofatsa aja, amene kale anamukopa ndipo tsopano ankamupsetsa mtima.

"Mayi, moyo wanga wonse ndaimba kumbuyo kwa makosi a anthu," anatero tsiku lina akukankha mbale osadya. "Ndilekeni ndione nkhope zawo kamodzi kokha. Kenako mukandipereke kwa dokotala wanuyo, akandicheke momwe angafunire."

"Kenako kwake kulipo?" anafunsa telala.

A Besi anadzuka n'kukaimba kubafa.

Telala anaganizapo zoswa lumbiro n'kukamuuza dayirekita. Anafika mpaka pakhomo la ofesi, koma atamumva munthuyo pa foni akuuza mtolankhani za kuwonda kwa a Besi ngati chozizwitsa, anabwerera. Ameneyo akanamva kuti Imfa yake ikudwaladi akanazilemba pa chikwangwani ndi zilembo zikuluzikulu, holo n'kudzaza mpaka m'mawindo.

Pobwerera ku makina ake m'pamene nzeru inamubwerera, ndipo inamuwawa isanathe n'kufika komwe. Pa msonkhano wotsatira telala, amene sankakonda kulankhula, analavula mapini n'kunena kuti iye akugwirizana ndi bambo wa mabokosi. Mkanjo ayi, suti. Sananene chifukwa chake, chomwe chinali chakuti mkanjo umakwana aliyense, ndipo pa munthu wowonda umachita kukongola. Suti ndiye ilibe chisoni. Wa mabokosi anasangalala mpaka kumugwira chanza ndi manja awiri. Dayirekita anayang'ana kudenga, mwina kuganizira za magetsi, n'kunena kuti inde, bata limene ankanena lija ndi suti.

Mu kwaya munali wabutchala, bambo wa thupi lake, wa mimba yotsogola ndi khosi lopindikapindika, amene mu seweroli anali ndi ntchito imodzi yokha, yogwa pansi Imfa ikamuloza. Telala ankamusokera mathalauzi ndi maepuloni kwa zaka zambiri, moti miyezo yake ankaidziwa pamtima. Anayala nsalu ya mtundu wa phulusa patebulo, anajambula ndi choko miyezo ya wabutchalayo, n'kuima kanthawi sizasi ili m'manja. Ankadziwa bwinobwino kuti akudula chinthu chokhacho chimene mwamuna wake anachifunapo m'moyo. Misozi inagwera pa nsalu, anaipukuta ndi chigongono, n'kudula. Thalauzi analisoka lopanda timagoli ta lamba ndi lopanda mabatani a makhuluzibande, malamba aja okoleka m'mapewa. M'mapewa a jekete anaikamo thonje lolimba. Msoko uliwonse anausoka mosamala, pakuti ngakhale pochita zoipa dzanja lake silinkadziwa kusoka mwachisawawa. A Besi akafuna kusuzumira ankawabweza, ati Imfa siionedwa isanakwane nthawi yake, iwo n'kumaseka kuti mkazi wawo wayamba kulankhula ngati dayirekita.

Tsiku loyesa zovala holo inadzaza ndi a m'gulu ndi abale awo. Amuna angapo anafola monga mwa lamulo, wabutchala ali kumapeto, akutafuna chingamu, atangolowa mu mzere kuti aseketse anzake. Woyamba anali a Besi. Anachedwa kuseri kwa katani. Atatuluka, holo yonse inangowayang'anitsitsa. Manja a jekete anali atameza zala, mapewa akulendewera m'mbali, khosi likutuluka mu kolala ngati la kamwana ka mbalame. Dzanja limodzi linali litagwira thalauzi m'chiuno. Wapiyano, posadziwa chochita, anayamba nyimbo, ndipo a Besi anaimba. Anaimba bwino kuposa masiku onse, liwu likugwedeza mipando, moti kwa kamphindi anthu anaiwala suti ija. Koma nyimboyo inali ndi malo amene Imfa imatambasula manja onse awiri kuitana tauni yonse. A Besi anafika pamalopo, anazengereza pang'ono, n'kutambasula. Thalauzi linatsika phwii mpaka mu akakolo.

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Mayi wa kwaya anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedera. Telala sanaseke, ankangoona miyendo ya mwamuna wake, imene iye yekha ankadziwa kuti kale inali miyendo.

Ena a mu mzere aja anayesa, osawakwana. Kenako wabutchala analowa kuseri akuseka, n'kutuluka atasiya kuseka. Sutiyo inamukhala ngati anabadwa nayo. Batani linatseka pamimba popanda kudandaula, kamaluwa kali pamalo pake, munthu n'kuoneka ngati bwana wa banki. Wa mabokosi anaimirira akuomba m'manja, ati Imfa ndi imeneyo, yodya bwino, yodalirika, yoti ungaisiyire banja lako. Maso onse anatembenukira kwa dayirekita. Munthuyo anatuluka thukuta, anamasula sikafu, anaimanganso. Kuswa lamulo sakanatha, pakuti dzulo lomwelo anali atalitamanda pa wailesi. Ndiye anatsokomola n'kulengeza kuti zimenezi ndi zomwe ankafuna kuyambira pachiyambi. Imfa yowonda, anatero, ndi bodza la ojambula zithunzi. Chinthu chimene chakhala chikudya anthu chiyambire dziko chingawonde bwanji? Anthu anagwedeza mitu kuti koma ndiye kuganiza kozama. Wabutchala anafunsa ngati Imfa ingathe kumangolankhula m'malo moimba, poti iye mawu okwera amamuvuta, ndipo anamuuza kuti zimenezonso ndi zozama.

A Besi anavala zovala zawo n'kudutsa pafupi ndi mkazi wawo osamuyang'ana. Kunyumba sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangokhala pakhonde masiku angapo, osaimba ngakhale kubafa, chakudya chikubwerera momwe chapitira. Telala akafika pafupi kuti awakonze kolala, ankapendeketsa phewa. M'mawa wina anawapeza atalongedza okha kachikwama, mswachi ndi silipasi, ataima pachipata kudikira basi yopita kuchipatala. Sanamuitane. Iye anatseka nyumba n'kuwatsatira, nakakhala pa mpando wakumbuyo kwawo.

Mu wodi liwu linabwerera. Madzulo a tsiku loyamba, odwala akudya, a Besi anayamba kung'ung'udza, kenako n'kuitulutsa yonse nyimbo yawo ija, yakuti ndafika pakhomo pako, nyamuka tizipita, usatenge kanthu. Mkulu wina wa pabedi loyandikana anagwetsa supuni n'kuyamba kuitana nesi, wina anafunda bulangete kumutu, wodikirira odwala wina anayamba kupemphera mokweza. Nesi anabwera akuthamanga n'kuwauza kuti bambo, ngati mukufuna kuimba imbani ina, ino si nyumba yoimbira zoterozo. A Besi anapepesa mwaulemu. Koma telala anaona kuti anayang'ana nkhope zonse zamantha zija, imodziimodzi, ndipo kukamwa kwawo kunagwedera ngati akufuna kumwetulira.

M'mawa wa opaleshoni anawaveka kamkanjo ka chipatala, kotseguka kumbuyo, ka zingwe zolendewera. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nsana uli pamtunda, mafupa akuwerengeka. Telala anaima pambali atagwira kachikwama.

"Chikwatiraneni simunandisokerepo chinthu chosandikwana," anatero a Besi osatembenuka. Anali mawu awo oyamba kwa iye chichokereni ku holo. "Ngakhale kabudula."

"Sindinalakwitse," anatero telala. "Ndinachita dala."

"Ndikudziwa. Mukanandileka. Ndikanagwa pa siteji, anthu akuomba m'manja."

"Akanaomba, inde. Akanatha kuomba n'kupita kwawo kukadya. Nanga ine ndikanapita kuti?"

Kunja kwa wodi kunamveka mawilo a bedi lodzawatengera, ndi nesi akufunsa nambala ya chipinda. Telala anali ndi mantha, mantha enieni, akuti mwina wawachedwetsa kale, ndiponso akuti akalowa m'chipinda cha opaleshoni asanamukhululukire, iye adzakhala nacho chimenecho mpaka kalekale. Sanapepese, chifukwa akanapatsidwa sizasi ija kachiwiri akanadulanso chimodzimodzi.

Bedi litafika pakhomo a Besi anayesa kufikira zingwe za kumbuyo, koma mimba inawakoka, dzanja n'kubwerera. Anapuma, anayang'ana pansi, kenako anasunthira nsana wawo kwa mkazi wawo.

"Tandimangani, mayi," anatero. "Anthu andiona zokwanira."

Telala anaika kachikwama pansi n'kumanga zingwezo, kuyambira cha pakhosi. Nesi anaima n'kumudikira mpaka anamaliza.