Chipeso m'Thumba la Jekete

"Bambo anu abwera nthawi yanji?" Mayi anafunsanso, maso ali pachitseko.

Ana awo, Mphunzitsi ndi mchemwali wake Nesi, anayang'anizana. Bambo awo anawaika m'manda Loweruka, koma mutu wa Mayi unasiya kalekale kusunga zinthu. Dzulo lake Mphunzitsi anawauza zoona, Mayi analira ngati akumva koyamba, chakudya osachikhudza. Pofika m'mawa anali ataiwala.

Awiriwo anakokerana kukhitchini.

"Achimwene, ingonenani kuti ali kuntchito," anatero Nesi. "Mukufuna aziferedwa tsiku lililonse?"

"Bodza ndi bodza, iwe. Bambo sananamizepo munthu. Tiyambe ife, m'nyumba mwawo momwe?"

"Choonadi chanucho dzulo chinathandiza ndani?"

"Ndiye tiziwapusitsa ngati mwana? Ndi mayi athu aja!"

Vuto linali loti onse awiri ankanena zomveka, ndipo pakamwa anatengera kumodzi. Mlamu wawo, amene ankakhala ndi makolowo pakhomopo, ankangopinda zovala za malemu osalowerera. M'thumba la jekete anatulutsamo chipeso chachikulu. Nesi anaseka misozi ili m'maso, poti Bambo anali ndi dazi loti ntchentche n'kuterereka.

"Sichinali cha mutu wawo," anatero mlamuyo. "Inu mumabwera mwa apo ndi apo, simunaone. Madzulo aliwonse Mayi ankafunsa za amayi awo, amene anamwalira inu musanabadwe. Bambo sankawanamiza, komanso sankawaliza."

"Nanga ankatani?"

"Ankakhala kumbuyo kwawo n'kumawapesa. 'Mwawasowa eti? Tandiuzani, anali otani?' Basi, Mayi ankafotokoza mpaka mtima kukhala pansi."

Mphunzitsi anachita manyazi. Zaka zonsezo ankadziwa kuti bambo ake sanama, koma sanafunsepo kuti zimatheka bwanji m'nyumba ngati imeneyi.

"Kodi bambo anu abwera nthawi yanji?" mawu anamvekanso pabalaza.

Mphunzitsi anatenga chipeso chija, n'kukokera mpando kumbuyo kwa mayi ake. Manja ozolowera choko anayamba kuwapesa.

"Mwawasowa eti, Mayi?"

"Kwambiri."

"Inenso. Tandiuzani, munakumana nawo bwanji?"

Mayi anamwetulira, n'kuyamba za mnyamata wina wamanyazi amene anawabwereka ambulera iye n'kupita akunyowa. Ali pakati pofotokoza, chipeso chinakodwa. Anakweza dzanja n'kugwira la mwana wawo.

"Pang'onopang'ono, iwe. Yambira kunsonga. Bambo ako sakoka."