Mafijowa Akana Kuchoka Pakhomo

Loweruka limenelo ntchito zinali motere: kuchapa, kukwecha uvuni, kupukuta nkhungu m'mawindo a kubafa, kutchetcha kapinga, kufufuta zomwe mwana wanga Anahera anajambula pakhoma ndi lipisitiki, ndiye mafijowa, tizipatso tobiriwira tonga magwafa. Lolemba kumabwera mayi wa ku ofesi ya eni nyumba kudzayendera, ndipo pangano lathu la lendi limatha mwezi womwewo. Ulendo watha anapeza zipatso zikuwolera pa kapinga, mavu ali piringupiringu, n'kundiuza mosapsatira kuti akadzaonanso zimenezo tidzafune kwina. Nyumba za lendi kuno ku Whanganui sizipezeka wamba.

Mtengo wa mafijowa wa kuseri kwathu ulibe manyazi. Ikangofika Epulo, mitengo ina ikayamba kufiira masamba, iwo umayamba kugwetsa. Utola m'mawa, pofika masana pansi pabiriwiranso. Tinadya mpaka lilime kuchita dzanzi. Ndinaphika jamu, ndinadzaza firiji. Mwamuna wanga Tamati anatengako kuntchito kwake kophera nyama n'kubwera nawo momwemo. Bini inali yodzaza, galimoto ya zinyalala mpaka Lachinayi. Ndinaika thumba pageti n'kulemba kuti aulere. Madzulo ndinapezapo matumba awiri.

Ndiye atandiimbira Shontelle, mnzanga amene tinasiyira limodzi sukulu panjira, kuti tipite ndi ana ku paki ya m'mbali mwa mtsinje akasewere m'masamba, ine za masamba sindinaziganize. Ndinaganiza za pikapu yake. Anati mnzathu Losaline abweranso, aliyense atenge kachakudya. Ndinasiya uvuni uli thovu lokhalokha, n'kulongedza matumba onse kumbuyo kwa galimoto yanga, n'kuwafunditsa bulangete. Anahera ndinamuveka juzi ndi jombo zake zachikasu. Ali ndi zaka ziwiri ndi theka ndipo salankhula zambiri, koma zochepazo amazitsindika.

Ku paki masamba anali atayoyoka mpaka kufika m'mawondo a mwana. Kauri, mwana wa Shontelle, anali atadzikwirira kale, kukuoneka chipewa chokha. Anahera anathamanga n'kudziponya pa mulu waukulu, osadziwa kuti pansi pake pali chithaphwi. Juzi inathera pomwepo.

Titavundukula zakudya patebulo, tinangoyang'anana. Shontelle, keke ya mafijowa. Losaline, buledi ndi jamu wa mafijowa. Ine, timakeke ta mafijowa. Palibe anakumbuka masoseji, chonsecho chowotchera chaulere cha m'paki chili pambali pathu. Ndipo pansi pa benchi, pafupi ndi mwendo wa aliyense, panali thumba lotupa ndi mafijowa lomwe mwini wake anatsika nalo m'galimoto, koma palibe amalitchula.

Nyengo ino mwambo wake umadziwika. Fijowa sutaya anthu akuona, ndipo thumba likangokhudza dzanja lako, ndi lako basi. Choncho tonse manja anali ndi zochita. Losaline, amene ndi woyembekezera, anagwira mimba ndi manja awiri ngati igwa. Shontelle kapu uku, foni uku. Ine ndinanyamula Anahera ngakhale amaphiriphitha kuti atsike.

"Iwe Bridie, wawonda masiku ano," anatero Shontelle, akukankhira thumba lake kwa ine ndi phazi. "Zipatso umadya koma?"

"Ndawonda n'kuwerama, mayi a Kauri. Mpatse Losa, akudyera awiri."

Losaline anati azamba amuletsa. Titamufunsa kuti azamba ake ati, anati onse.

Tinayesa abakha. Ana anaponya, abakha anathamangira, kujompha kamodzi, n'kubwerera m'madzi ngati tawatukwana. Jombo imodzi ya Anahera inawatsatira, ndipo ndikhulupirira pano ili kunyanja.

Shontelle ndi zithunzi salekana. Anaimika ana awiriwo pansi pa mtengo wofiira kwambiri kuti aziponya masamba m'mwamba akuseka. Kauri amaponyera kumaso kwa mnzake, Anahera ake amatafuna. Ndinaona kuti zimenezi sizitha msanga, ndipo ndinati ndikatenge juzi ina ku galimoto.

Kumeneko ndinapeza kumbuyo kwa galimoto yanga kuli kotsekula, Losaline ataima pomwepo ndi thumba m'chiuno. Anati amafuna kuona ngati tayala lapadera lili ndi mpweya. Ndinamuuza za Lolemba, iye anandiuza za apongozi ake omwe ali ndi mitengo inayi ndi mtima wopatsa. Sitinakangane. Tonse tinangotembenuka kuyang'ana pikapu ya Shontelle, kumbuyo kulibe kanthu, lona pamwamba. Shontelle ali ndi mchimwene woweta nkhumba cha ku Marton, ndiye tinagwirizana kuti kwenikweni tikumuthandiza.

Ntchito inayenda bwino. Mayi woyembekezera uja amanyamula matumba awiriawiri osabuula n'komwe. Ndinali nditagwira thumba lomaliza pamene ndinamva phazi limodzi likuti phwa, lina tswa, pamiyala. Anahera anali atathawa zithunzi.

Mwanayu, chiyambire mtengo kugwetsa, m'mawa uliwonse amatuluka ndi kachidebe kake, ine n'kumamuombera m'manja pa fijowa aliyense amene watola. Kwa ine zipatsozo ndi mlandu. Kwa iye ndi chuma chomwe anakhetsera thukuta. Anayang'ana thumba lili m'manja mwanga, anayang'ana pikapu ya anthu, n'kunena motsitsa: "Zanga."

Kenako anakoka mpweya, n'kutsekula pakamwa. Anagona chagada pamiyala, miyendo m'mwamba, kulira kofika kutsidya kwa mtsinje. Ndinamulonjeza ayisikilimu, ndinamupatsa foni, ndinamuuza kuti nkhumba zili ndi njala. Ayi ndithu. Bambo wina woyenda ndi galu anaima n'kumandiyang'ana ngati ndaba mwana wa eni.

Shontelle anatulukira wefuwefu, Kauri ali kukhwapa. Anayang'ana mwana, anayang'ana ife, n'kukweza lona. Analowetsa mutu m'katimo. Atautulutsa sanatikalipire. Anagwada pamiyala n'kumupukuta Anahera mamina.

"Wakubera ndani, mwana wanga? Amayi ako omwe? Tonthola, Anti akubwezera zonse."

Anatsitsa thumba loyamba n'kumufunsa ngati ndi lake. Anahera analikhudza n'kuti zanga. Lachiwiri, zanga. Anafika pa matumba a Losaline, mwana n'kuwakumbatira. Kenako Shontelle anatsekula chitseko cha kutsogolo, n'kutulutsa ake omwe anali atawabisa pansi pa mpando, atatu, kufunsa mwaulemu lililonse palokha. Mwana sanakane ngakhale limodzi. Kauri anatumidwa kukakoka a pansi pa benchi aja.

"Shontelle, chonde mnzanga. Lolemba akubwera woyendera nyumba."

"Ndiye umulande wekha mwanayo," anatero akupakira m'galimoto mwanga. "Ine mtima umenewo ndilibe."

Ndinacheuka kuti Losaline andithandize. Msana unali utamuyamba mwadzidzidzi. Anali atakhala m'galimoto yake, zitseko atakiya, akutibayibitsa pagalasi.

Tinabwerera kunyumba galimoto ikukhula pansi, Anahera ali m'tulo, fijowa kudzanja lililonse. Tamati atasuzumira kumbuyoko anafunsa ngati tinapita kokasewera kapena kuganyu.

Lamulungu ndinamaliza uvuni, mawindo ndi khoma. Zipatso ndinalibe pozisunga. M'nyumba woyendera amatsekula paliponse, m'shedi momwemo, ndiye ndinazisiya m'galimoto. Lolemba m'mamawa ndinatola zogwa usiku, n'kuwonjezera, n'kukaimika galimoto kuseri kwa tchalitchi cha mumsewu wachiwiri, magalasi otseka kuti fungo lisaitane anthu.

Mayi uja anabwera ndi nsapato zake zogogoda. Anasuzumira mu uvuni, anagwira khoma, anazungulira mtengo kawiri akuyang'ana pansi. Anati pakhomo pasamalidwa, pangano tiwonjezera chaka. Potuluka anafunsa kuti zipatso zonsezo ndimazitani. Ndinamuyankha kuti timagawana ndi anzathu.

Nditapumula mtima, galimoto ndinaiiwala. Tamati amapita kuntchito ndi mnzake, ine kugolosale ndimayenda wapansi, ndipo masiku awiri otsatirawo dzuwa linaswa mtengo ngati si masika. Lachitatu nditatsekula chitseko, tintchentche tinatuluka ngati utsi. Matumba anali ataphwa, madzi atayenderera mpaka pansi pa mipando. Ndinaimbira mchimwene wa Shontelle. Anati nkhumba zake zakhuta, zayamba kuwasiya.

Nyumba tikadali nayo. Mafuta a ulendo wa ku paki, madola khumi ndi asanu. Jombo zatsopano, makumi awiri ndi awiri, poti imodzi sagulitsa. Kudzala la khonsolo anandilipiritsa khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ndinapita Anahera ali kwa agogo ake. Otsuka galimoto, makumi asanu ndi limodzi, fungo osachoka. Juzi yasanduka chopukutira pansi. Tamati akuyendetsa magalasi ali otsekula m'chisanu muno, ndipo wayamba chifuwa. Mankhwala ake, madola khumi ndi awiri.