Giza Yobuula M'denga

Pulambala anatsika pa makwerero akupukuta manja pa ovolosi, dzimbiri lili mbuu kumutu.

"Anesi, giza yanu yotenthetsera madziyi yatha. Pansi pake padyeka ngati chitini cha kudzala. Kumata ndimata, koma kuli ngati kusoka chigamba pa nsanza."

Anesi anayang'ana kudenga. Banga lofiirira pa siling'i linali litafika pafupi ndi babu, madzi akudontha m'beseni.

"Nanga kulira kuja?"

"Ndi matope adzaza m'katimo. Madzi akamatentha imagunda, imabuula. Yatsopano imakhala zii ngati mkamwini wobwera dzulo."

Vuto linagona pamenepo. Mlongo wawo wa Anesi, amene aliyense ankamutcha Mzime, anamwalira chaka chatha pa ngozi ya basi yomwe ankayendetsa. Amayi awo anali atayamba kale kuiwalaiwala, moti pamaliro ankangofunsa kuti anthu onsewa adzera chiyani. Sanagwetse msozi. Koma m'mawa uliwonse giza ikayamba kubuula, nkhope yawo inkawala. Mzime ndiye ankaiyatsa asanapite kuntchito, n'kumasamba akuimba mluzu.

Gogoyo anatulukira m'chipinda akugwira khoma.

"Bambo awa akufunanji m'denga mwathu?"

"Akukonza za madzi otentha, amayi."

"Asatseke madzi. Mwana wanga sanasambe."

"Mwana wake uti, agogo?" anaseka pulambala. "Ameneyo ndiye waboola thankiyu ndi ukhondo!"

Ataona nkhope ya Anesi, chiseko chinathera pakhosi.

Anatulukira pakhonde awiriwo, ndipo Anesi anafotokoza zonse motsitsa mawu. Chimodzi chokha sananene. Tsiku lina, akuthamangira kuchipatala, iwonso anamva kugundako n'kumenya chitseko cha bafa. "Fulumira iwe, undichedwetsa!" Chitseko chinangotseguka chokha. M'katimo munali mouma, sopo ali gwa. Kuyambira tsikulo ankadutsa pamenepo mothamanga, komabe m'mawa uliwonse ankapezeka atatchera khutu.

"Ingomatani, abambo. Ilire chaka chimodzi chokha."

Pulambala anavula chipewa n'kuchipotokola m'manja.

"Agogowa amasamba okha?"

"Ndikakhala kuntchito, eya."

"Madzi aja ayamba kunyowetsa mawaya. Tsiku lina adzagwira mpope ali phazi m'madzi. Chakudza sichiimba ng'oma, Anesi, ndipo ine kudzanena pepani sindikufuna. Pepani sapoletsa chilonda."

Anesi anasuzumira pawindo. Amayi awo anali atakhala patebulo, akupukuta kapu ya Mzime ndi nsonga ya nsalu.

"Ichotseni," anatero.

Anaitsitsa masana omwewo ndi zingwe. Inali yolemera ngati munthu, ndipo poitulutsa pakhomo Anesi anayang'ana kumbali.

Kutacha Anesi anayatsa yatsopano imene pulambala anaika, n'kuvala yunifomu. Nyumba inali zii. Madzi anatentha bwinobwino popanda kugunda kulikonse. Amayi awo anakhala pampando wawo, khosi litapendekera kudenga.

"Lero wachedwa kudzuka," anatero gogoyo.

Anesi anayankhira m'khosi, akumanga nsapato yomangamanga kale.

Dzuwa linalowa pawindo mpaka kufika pamiyendo ya tebulo. Gogoyo anaimirira, anapita kubafa, anakankha chitseko. Anakhalitsa pamenepo. Pobwerera, maso awo anali ngati a kale, a mayi amene sankanamizika.

"Iwe, sabweranso eti?"

Kuchipatala Anesi anali atauzapo mabanja ambiri uthenga wotere, ndipo mawu ake ankawadziwa. Koma apa anangopukusa mutu.

"Liti?"

"Chaka chatha, amayi."

Gogoyo anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kutambalala miyendo.

"Nanga osandiuza bwanji? Mwana wanga wagona chaka chathunthu mayi wake osamulira?"

Anesi ankadziwa kuti pofika mawa mwina adzakhala ataiwalanso, ndipo adzafunsanso. Anaika chikwama pampando, anavula nsapato zija, n'kukhala pansi pambali pa amayi awo. Gogoyo ndiye anayambitsa maliro.